Chovala cha Mlendo pa Khomo la Malo Odyera

Nkhani ya lero ikukhudza funso limene limaoneka laling'ono koma lasautsa mitima ya anthu ambiri. Kodi munthu ayenera kuvala chiyani pamene akupita kukadya ku hotela yaikulu kapena ku malo ena odyera apamwamba, ndipo ndani ali ndi mphamvu yomubweza pakhomo chifukwa cha chovala chake? Funsoli si la anthu a m'tauni okha ayi. Anthu a ku Mitundu ndi a ku Nathenje ali pafupi ndi mzinda wa Lilongwe, ndipo phazi lawo silisowa mumzindamo. Mlimi akagulitsa fodya wake ku Kanengo amafuna kukondweretsa mkazi wake. Makolo amene mwana wawo watsiriza maphunziro ku Bunda amaitanidwa ku phwando. Ankhoswe amaperekeza ukwati umene madyerero ake akonzedwera ku hotela. Onsewa, asanakwere galimoto, amayamba atsegula sutikesi ndi kuima kanthawi, akudzifunsa ngati chimene ali nachocho chikawalowetsa pakhomo popanda kuchititsidwa manyazi.

Pofuna kuyankha funsoli n'koyenera kusiyanitsa malamulo atatu amene anthu amawasokoneza kawirikawiri. Pali lamulo la boma, limene limapangidwa ku Nyumba ya Malamulo ndipo wolilakwira amakaonekera ku bwalo la milandu. Pali lamulo la mwini nyumba, limene mphamvu yake imathera pa chipata chake. Ndipo pali mwambo wa anthu, umene sulembedwa paliponse koma aliyense amaudziwa. Dziko la Malawi ladutsa m'malamulo onse atatuwa pa nkhani ya kavalidwe, ndipo mantha amene munthu wa kumudzi amakhala nawo pa khomo la hotela adabadwa m'mbiri imeneyi.

Chizolowezi chovalira chakudya chidachokera ku Ulaya. M'zaka za m'ma 1800 anthu olemera a ku England ankasintha zovala madzulo alionse asanakhale pa tebulo, amuna navala majekete akuda, akazi navala madiresi aatali. Mahotela aakulu a ku London ndi ku Paris adatengera chizolowezi chomwecho, kotero kuti jekete ndi tayi zidasanduka ngati chiphaso cholowera m'chipinda chodyera. Pamene Angerezi adayamba kulamulira dziko lino m'chaka cha 1891, adabwera nacho chizolowezicho ndi kuchikhazika m'makalabu awo a ku Blantyre ndi ku Zomba, kenaka m'mahotela. Komatu kuno lamulo la jekete lidapeza lamulo lina lolimba kuposa ilo, ndilo la khungu. Munthu wakuda ankalowa m'malo otere ngati wophika, wochapa kapena woperekera zakudya, ndipo ankadzera khomo la kuseri. Ngakhale akadavala suti yosokedwa ku London komweko, mpando wa pa tebulo sukadakhala wake.

Chovala pa nthawi imeneyo chinali nkhani ya ulemu ndi chipongwe. Munthu wakuda wovala chipewa ankayenera kuchivula akakumana ndi Mzungu pa njira, ndipo wochedwa kuvula ankakalipiridwa, mwinanso kumenyedwa. Mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, ankavala suti ndi chipewa, ndipo ankalimbikitsa anthu ake kuvala mwaukhondo, pamene mkazi wake, mayi Ida Chilembwe, ankaphunzitsa amayi kusoka. Atsamunda ambiri sadakondwere nazo, pakuti ankaona ngati anthu akuda akudziyesa ofanana nawo. Itatha nkhondo ya Chilembwe ya mu January 1915, boma lidakhazikitsa bungwe lofufuza chimene chidautsa mkwiyo wa anthu, ndipo pakati pa madandaulo amene mboni zidapereka panali ili la chipewa. Patapita zaka zoposa zana, m'chaka cha 2022, mmisiri wa ku Malawi, Samson Kambalu, adaimika chosema cha Chilembwe pa bwalo la Trafalgar Square mumzinda wa London, chipewa chili kumutu. Anthu a kunja ambiri adayamba afunsa tanthauzo la chipewacho, koma Amalawi achikulire sadafune wowamasulira.

Izi sizitanthauza kuti makolo a dziko lino adaphunzira ulemu wa kavalidwe kwa alendo. Kale anthu a m'chigwa cha Lilongwe ankasula nyanda kuchokera ku makungwa a mitengo monga mombo, ankafufuta zikopa, ndipo ankadziwa chovala cha mfumu, cha namwali ndi cha mfedwa. Nsalu zidafika ndi amalonda, ndipo agogo ambiri a ku Mitundu ndi ku Nathenje amakumbukabe biriwita ndi chilundu. Jekete lidalowa m'midzi makamaka kudzera mwa amuna amene adapita kukagwira ntchito ku Harare, pamene mzindawo unkatchedwa Salisbury, ndi ku migodi ya ku Joni. Mtchona ankabwerera ndi bokosi, m'katimo muli suti, chipewa ndi nsapato, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti mwana wawo sadapite pachabe. Ena ankabwera ndi makina osokera, nakhala matelala pa makonde a masitolo. Chotero jekete lidafika kumudzi ngati chizindikiro cha thukuta, ndipo mpaka lero mkulu wa mpingo kapena nyakwawa salisiya popita ku malo olemekezeka, ngakhale dzuwa la October liswe mtengo.

Dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1964, khomo la kutsogolo lidatsegukira anthu a khungu lililonse, koma nkhani ya kavalidwe idalowa m'manja mwa boma. Dr. Hastings Kamuzu Banda adakhala zaka zambiri ku America ndi ku Britain asanabwerere kuno mu July 1958, ndipo anthu adamuzolowera ali mu suti yokhala ndi chibati m'kati, chipewa kumutu ndi litchowa kumanja. M'misonkhano yake ankabwereza kunena kuti anthu ake asasowe zinthu zitatu: chakudya, zovala ndi nyumba yosadontha. Fakitale ya nsalu ya David Whitehead idatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 1967, ndipo zitenje zake zidafika m'masitolo a m'midzi yonse. Koma mtsogoleri yemweyo ankakhulupirira kuti boma liyenera kuuza anthu osati zoti avale kokha, komanso mmene avalire.

M'chaka cha 1973 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo lotchedwa Decency in Dress Act. Lamuloli lidaletsa akazi kuvala thalauzi kapena kabudula pagulu, ndiponso siketi kapena diresi losaphimba mawondo. Amuna nawonso sadasiyidwe, pakuti malamulo a milandu adaonjezedwa ndime yonena za tsitsi: mwamuna amene tsitsi lake lidatsika kupitirira mzere wa pakamwa ankayesedwa munthu wosokoneza. Mathalauzi otambalala kumiyendo, amene anyamata a nthawi imeneyo ankawakonda, adaletsedwanso. Alendo ofika pa bwalo la ndege ankauzidwa za malamulowa, ndipo anyamata ena a tsitsi lalitali ankametedwa asanaloledwe kulowa m'dziko. Panali malo ochepa amene lamulo linkafewa, monga a alendo a m'mbali mwa nyanja ndi malo a masewera. Kwina konse mkazi wovala thalauzi ankatha kugwidwa, ndipo apolisi sanali okha oyang'anira, pakuti anyamata a chipani nawonso ankadzipatsa udindowo m'misika ndi m'malo okwerera mabasi.

Kwa mayi wa kumudzi ku Nathenje, amene chitenje chinali chovala chake cha tsiku ndi tsiku, lamuloli silidasinthe zambiri m'sutikesi. Lidawawa kwambiri akazi a m'tauni, ophunzira a m'makoleji ndi alendo. Komabe lidasiya phunziro limodzi m'mitima ya anthu onse, la kumudzi ndi la m'tauni lomwe, lakuti chovala cha munthu ndi mlandu wa aliyense womuona, ndi kuti wina aliyense woima pakhomo kapena pa mphambano angathe kukhala woweruza. Zaka zomwezo likulu la dziko lidasamukira ku Lilongwe, m'chaka cha 1975, ndipo mumzinda watsopanowo mudamangidwa maofesi ndi mahotela. Mwamuna wopita kukadya madzulo m'malo apamwamba ankayembekezeka kuvala jekete ndi tayi monga ku Ulaya. Motero lamulo la boma ndi lamulo la mwini nyumba zidayenda limodzi kwa zaka makumi awiri, mpaka anthu adaleka kuzisiyanitsa.

Zinthu zidatembenuka m'chaka cha 1993. Pa 14 June chaka chimenecho Amalawi adavotera ulamuliro wa zipani zambiri, ndipo chaka chisanathe lamulo la kavalidwe lidafafanizidwa pamodzi ndi malamulo ena opondereza. Nthawi yomweyo malonda adamasulidwa, ndipo mabelo a kaunjika adasefukira m'misika. Kaunjika adapweteka matelala ndi mafakitale a nsalu. Fakitale ya David Whitehead idafooka mpaka idagulitsidwa kwa a Mapeto m'chaka cha 2003. Koma kaunjika yemweyo adachita chinthu chimene opanga malamulo a mahotela sadachiyembekezere. Jekete limene kale linkafuna kuti munthu akagwire ntchito zaka ziwiri ku mgodi tsopano lidayamba kupezeka pa mulu pa msika wa Mitundu, pa mtengo umene mnyamata wa kabaza angathe kuukwanitsa. Kuyambira pamenepo jekete lidaleka kunena za thumba la mwini wake. Wolemera adayamba kuyenda ndi malaya wamba ndi nsapato za mphira zodula, pamene wa tayi nthawi zambiri ndi kalaliki wofunafuna ntchito. Akuluakulu adanena kale kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kumaiko kumene chizolowezichi chidachokera nakonso zinthu zidafewa. Malo odyera otchuka a mumzinda wa New York, otchedwa 21 Club, adachotsa lamulo la tayi m'chaka cha 2009, atalisunga kwa zaka zambirimbiri. Mumzinda wa Paris mudali lamulo la m'chaka cha 1800 loletsa akazi kuvala thalauzi popanda chilolezo cha apolisi. Anthu adaleka kulitsata kalekale, koma boma la France lidalengeza poyera kuti lidatha mphamvu m'chaka cha 2013. Alipo malo ochepa, monga hotela ya Ritz ku London, amene adasunga lamulo la jekete ndi tayi m'chipinda chawo chodyera, ndipo amalilemba momveka kuti mlendo adziwiretu asananyamuke kwawo. Ambiri mwa malo ena, kunja ndi kuno komwe, adasankha mawu awiri a Chingerezi akuti "smart casual", kutanthauza kuti munthu avale momasuka koma mooneka bwino.

Mawu awiriwa amamveka okoma, koma ndi pamene pagona vuto la masiku ano. Lamulo la jekete ndi tayi linali louma, komabe linali lodziwika: munthu ankadziwa ngati ali nazo kapena alibe. Koma kuoneka bwino kulibe muyeso. Mlonda mmodzi amalola jinzi, wina amaikana. Nsapato zotsegula za mlendo wochokera kunja zimatchedwa za m'fasho, pamene za mayi wa ku Mitundu zimatchedwa patapata. Kabudula wa mlendo wodzaona nyanja amadutsa pakhomo popanda funso, koma kabudula yemweyo pa thupi la mnyamata wa m'dziko muno amaimitsidwa. Lamulo likakhala losamveka, mlonda sayang'ananso chovala. Amayang'ana galimoto imene munthu watsikamo, chilankhulo chimene wapereka nacho moni, fumbi la kumapazi ndi kukhakhala kwa zikhato. Pamenepo mpanda wakale uja wa nthawi ya atsamunda umakhala wamangidwanso, ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti woumanga ndi wobwezedwayo kawirikawiri amakhala ana a mudzi umodzi.

Kuopsa kopatsa munthu aliyense mphamvu yoweruza chovala cha mnzake kudaoneka poyera mu January 2012. Magulu a anyamata, ambiri a iwo ochita malonda m'misewu, adayamba kuvula ndi kumenya akazi ovala mathalauzi ndi masiketi aafupi mumzinda wa Lilongwe, ndipo mchitidwewo udafalikira ku Mzuzu ndi ku Blantyre. Ankati akuteteza chikhalidwe, ngakhale lamulo limene ankaganiza kuti akulitsata lidali litafa zaka pafupifupi 18 m'mbuyomo. Pa 20 January amayi ambirimbiri, pamodzi ndi abambo owachirikiza, adasonkhana ku Blantyre kudzudzula nkhanzazo, ambiri atavala mathalauzi, ndipo mayi Joyce Banda, amene pa nthawiyo anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, adali nawo. Mtsogoleri wa dziko, Bingu wa Mutharika, adalankhula ku mtundu wonse kuti akazi ali ndi ufulu wovala chimene afuna. Khomo la hotela si msewu, ndipo mlonda wobweza mlendo sangafanizidwe ndi omenya anthu. Koma muzu wa zinthu ziwirizi uli pafupi, ndiwo maganizo akuti ulemu wa munthu ungachotsedwe chifukwa cha nsalu imene ili pathupi pake.

Malamulo aakulu a dziko lino, amene adayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1994, amaletsa tsankho m'ndime 20. Amatchula mtundu, khungu, kukhala mwamuna kapena mkazi, chilankhulo, chipembedzo, kumene munthu adachokera, kulumala, ndiponso chuma. Mabwalo a milandu aonetsa kuti mawu amenewa amafika mpaka pa maonekedwe a munthu. Mu May 2023 bwalo lalikulu ku Zomba, pamaso pa woweruza Zione Ntaba, lidagamula kuti sukulu za boma zisakanize ana a chipembedzo cha Rastafari chifukwa cha tsitsi lawo lopotana. Chigamulocho chinali cha sukulu, osati cha malo odyera, koma mwini hotela wanzeru angatolepo phunziro. Iye ali ndi ufulu woika lamulo la kavalidwe m'nyumba mwake, koma alibe ufulu wogwiritsa ntchito lamulolo ngati chophimba posankha anthu.

Tsono mbali ya mwini malo nayonso iyenera kumveka, pakuti ali ndi zifukwa zake zomveka. Anthu amene amalipira ndalama zambiri pa chakudya cha madzulo sagula nyama ndi mpunga zokha. Amagula bata, ukhondo ndi chisangalalo cha tsiku lapadera. Banja limene lasunga ndalama miyezi itatu kuti likakumbukire tsiku la ukwati wawo silikondwa kukhala moyandikana ndi munthu wosavala malaya, kapena wochokera ku mpira thukuta lili kamukamu. Amene wadzikonza amamva kuti walemekezedwa akaona kuti anzake nawonso adzikonza. Kavalidwe ka pa tebulo ndi ulemu umene odya amapatsana okhaokha, ndipo mwini malo amangouyang'anira. Kufafaniza lamulo lililonse sikungathandize wosauka. Kungangochotsa chinthu chimene iyenso amachifuna pa tsiku lake lalikulu.

Ndipotu anthu a ku Mitundu ndi ku Nathenje si alendo pa nkhani ya malamulo a kavalidwe. Ali nawo ambiri, ndipo amawasunga kuposa anthu a m'tauni. Mayi sapita pa maliro wopanda chitenje m'chiuno, ngakhale akhale mphunzitsi wa ku yunivesite ya LUANAR kapena bwana wa ku Capital Hill. Mwamuna amavula chipewa polowa m'tchalitchi, pofika pa bwalo la mfumu ndi podutsa pa siwa. Amayi a Chigwirizano a mu Sinodi ya Nkhoma amadziwika ndi bulauzi yoyera, duku loyera ndi siketi yakuda, ndipo palibe amene amafika pa msonkhano wawo atavala mwina. Mkamwini saonekera kwa apongozi ali chifuwa pamtunda. Munthu amene adakulira m'malamulo otere safuna kuphunzitsidwa kuti malo ena amafuna kudzikonza. Chimene amafuna n'kuuzidwa momveka chimene malowo akufuna.

Pali zinthu ziwiri zimene zimasiyanitsa lamulo la kumudzi ndi lamulo loipa la pa khomo la hotela. Choyamba, la kumudzi limadziwika kwa onse ndipo limagwira onse mofanana. Mkazi wa nduna ndi mkazi wa mlimi amamanga chitenje chimodzimodzi pa maliro. Chachiwiri, ndipo ichi ndicho chachikulu, lamulo la kumudzi limabwera ndi thandizo lake. Mtsikana akafika pa maliro kuchokera ku tauni ali mu thalauzi, uthenga utamupeza ku ntchito, sabwezedwa pa msewu. Mayi wina amamukokera kuseri kwa nyumba, namasula chitenje chimodzi mwa ziwiri zimene wavala, nam'manga nacho m'chiuno, ndipo mtsikanayo amalowa m'nyumba ya siwa ngati wina aliyense. Mwambo wasungidwa, ndipo munthu sadachititsidwe manyazi. Chodabwitsa n'chakuti malo odyera akale a ku London ndi ku New York, amene adali ouma pa lamulo la jekete, ankachita chimodzimodzi: ankasunga majekete ndi matayi angapo pafupi ndi khomo kuti abwereke mlendo amene wafika wopanda. Amene adatengera lamulolo kuno adatenga chiletso, naiwala jekete lobwereketsa.

Chifukwa chake eni malo odyera apamwamba angachite bwino kuyesa lamulo lawo ndi muyeso wa chitenje cha pa maliro. Lamulo lilembedwe pakhomo ndi pa makalata oitanira anthu, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, ndipo litchule zinthu ndi maina ake: ngati kabudula saloledwa madzulo, linene kabudula, ngati patapata saloledwa, linene patapata. Likhale limodzi kwa mlendo wochokera ku Ulaya ndi kwa mlendo wochokera ku Nathenje, kwa wobwera pa galimoto ndi kwa wobwera pa njinga. Lisafune kwa mkazi zimene silifuna kwa mwamuna, pakuti thalauzi la mkazi lidaleka kukhala mlandu m'chaka cha 1993. Udindo wolankhula ndi mlendo amene sadavale moyenera usasiyidwe kwa mlonda wa pachipata, amene amaopa kuchotsedwa ntchito akalakwitsa ndipo motero amasankha kukana. Ukhale wa mkulu woyang'anira chipinda chodyera, amene angatengere mlendoyo pambali, kulankhula naye motsitsa mawu, ndi kum'patsa njira: jekete lobwereka, kapena tebulo la pakhonde pamene lamulo lili lofewa.

Malo oterewa ayeneranso kuzindikira kuti kuvala bwino sikutanthauza kuvala Chizungu. Diresi la chitenje losokedwa bwino ndi telala wa pa Mitundu, pamodzi ndi duku lake, ndi chovala chaulemu chokwanira tebulo lililonse m'dziko muno. Malaya a chitenje a mwamuna ndi chimodzimodzi. M'chaka cha 2016, pokhazikitsa ndondomeko yolimbikitsa kugula katundu wopangidwa m'Malawi, boma lidapempha ogwira ntchito zake kuti Lachisanu lililonse azivala zovala zosokedwa kuno. Ngati chovala chotere chili choyenera mu ofesi ya nduna, palibe chifukwa choti chikayikiridwe pa khomo la malo odyera. Ndipo hotela imene imalandira chitenje ndi manja awiri imathandiza telala wa pakhonde, amene kaunjika adamulanda makasitomala ambiri.

Kwa iwo amene akukonzekera ulendo wotere kuchokera kumudzi, malangizo ndi ochepa ndipo si achilendo. Kufunsa si kupusa: woitanidwa ku phwando afunse amene wamuitana za kavalidwe, ndipo wopita yekha angathe kuimba lamya ku malowo asananyamuke. Chovala chochapidwa ndi kusitidwa, ngakhale chikhale cha pa kaunjika, chimaposa chodula chimene chili chakuda. Nsapato zotseka zopukutidwa bwino sizikanidwa paliponse, ndipo popeza msewu wa fumbi sulemekeza munthu, kansalu kopukutira m'thumba n'kothandiza. Wofika pakhomo apereke moni mosaopa, m'chilankhulo chimene amachidziwa bwino, pakuti Chichewa si mlandu. Akauzidwa kuti chovala chake sichiloledwa, ali ndi ufulu wofunsa mwaulemu kuti lamulolo lalembedwa pati ndi kupempha kuonana ndi woyang'anira. Ndalama ya mlimi wa mtedza ili ndi mphamvu yofanana ndi ya mkulu wa kampani.

Pomaliza, eni mahotela ndi antchito awo akumbukire kumene chakudya cha pa matebulo awo chimachokera. Tomato, anyezi, kabichi, nkhuku ndi mbuzi zimene zimalowa mumzinda wa Lilongwe m'mamawa zimachokera m'madimba ndi m'makola a madera ozungulira mzindawo, ndipo Mitundu ndi Nathenje ali m'gulu limenelo. Kwa zaka zambiri anthu a kumeneko akhala akufika pa khomo la kuseri atasenza madengu. Tsiku limene mmodzi wa iwo wasamba, wasita malaya ake, natenga mkazi wake kudzera khomo la kutsogolo, ayenera kupeza mpando. Kwawo, mlendo akafika nthawi ya chakudya, safunsidwa za nsapato. Amapatsidwa madzi osamba m'manja, pakuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Nyumba yodyera imene ikufuna kutchedwa yapamwamba m'dziko la Malawi iyenera kufika pa muyeso umenewo, ndipo ikatero lamulo lake la kavalidwe silidzaopsa munthu aliyense.